Kuviika nsalu m'Chingerezi: kusanthula timakalata titatu

Pa ntchito zonse zolemba zimene mwana amapatsidwa pophunzira Chingerezi, kakalata koitanira munthu ku chakudya kamaoneka kopepuka kuposa zonse. Mizere yake ndi yowerengeka, mawu ake ndi a tsiku ndi tsiku, ndipo ana ambiri amamaliza belu lisanalire. Koma amene anachongapo makope a Sitandade 8 kapena a Fomu 2 amadziwa kuti ana amapunthwa pomwepa. Wina amadzaza tsamba ndi malonje n'kuiwala kutchula tsiku. Wina amavomera mawu ake akumveka ngati akukana. Wina amakana mozungulira mpaka wolandira kalatayo osadziwa ngati asunge mpando kapena ayi. Galamala imatha kukhala yolongosoka, kalata osagwira ntchito imene ailembera.

Timakalata titatu timene tisanthule pano ndatilemba ndekha ngati chitsanzo cha m'kalasi. Nkhani yake ndi ya mtsikana amene wamaliza maphunziro a unamwino, ndipo mayi ake akumukonzera kachakudya kamasana kunyumba kwawo ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Mtsikanayu walembera azakhali ake ndi amalume ake mawu ofanana. Azakhali avomera, amalume akana. Mayina sindinaikemo, koma m'kalata yeniyeni ya Chingerezi dzina la munthu limayenera kuoneka pamwamba ndi pansi pomwe.

Kakalata koitana

Dear Aunt,
I have finished my nursing course, and Mother is giving a small lunch for me at our house in Area 25 on Saturday 14 December at 12.30. We would be very happy if you could join us. Please let me know by Wednesday 11 December, so that we know how many to cook for.
Your loving niece

Ziganizo zilipo zitatu zokha, ndipo choyambacho ndicho chasenza katundu wambiri. Chikuyankha mafunso asanu ndi limodzi amene azakhali akanafunsa mwanayo akanabwera yekha pakhomo: kwachitika chiyani, akuitana ndani, kukakhala chiyani, kuti, liti, nthawi yanji. Chayamba ndi chifukwa, "I have finished my nursing course", pakuti munthu amafuna kudziwa chimene akuitanidwira asanayambe kuwerengera ndalama ya minibasi. Mneni wakuti "have finished" akusonyeza chinthu chimene chatha koma zipatso zake zikuoneka lero, ndipo chimenechi ndicho choyenera kusangalalira.

Taonani mwini chakudya. Mtsikanayu sanalembe kuti iye ndiye akukonza. Walemba kuti "Mother is giving". Kwathu kuno mwana saitana akuluakulu m'dzina lake, amatumidwa, ndipo chiganizochi chasunga mwambo umenewu popanda kuwonjezera liwu n'limodzi lomwe. Komanso "is giving", ngakhale akunena za mtsogolo, ndi kalembedwe kamene Chingerezi chimagwiritsa ntchito pa zinthu zimene zapanganidwa kale. Akanalemba "wants to give", azakhali akanamva kuti nkhaniyi ikadali m'mutu mwa mayi, mwina ichitika, mwina ayi. Liwu lakuti "small" nalo si longokometsera. Likuuza azakhali kuti asasokere chovala chatsopano, asavutike ndi mphatso yaikulu, ndiponso asanyamule mudzi wonse.

Kumapeto kwa chiganizochi kuli aperekezi anayi ondondozana: "at our house", "in Area 25", "on Saturday", "at 12.30". Apa ndi pamene inki yofiira ya mphunzitsi imathera. M'Chichewa timangoti Loweruka, osaika kanthu kutsogolo, n'chifukwa chake ana amangolota, wina "in Saturday", wina "on 12.30". Lamulo lake n'lalifupi: tsiku limatenga "on", ola limatenga "at", dera kapena mwezi zimatenga "in". Wolemba watchulanso dzina la tsiku ndi deti pamodzi, ndipo mwezi waulemba m'mawu. Izi zimathandiza kuti chimodzi chikalakwika chinzakecho chiulule. Kulemba manambala okhaokha kuli ndi msampha wake. Kwa ife ndi ku Britain 6/7 ndi 6 July, tsiku limene Malawi analandira ufulu mu 1964, pamene kwa munthu wa ku America manambala omwewo akutanthauza June 7. Amene ali ndi achibale kunja aziganizira zimenezi.

Tsopano tione chimene mulibe. Mulibe malonje. Kalata ya Chichewa timaiyamba ndi kufunsa za moyo, kunena kuti ife kuno tili bwino, kupereka moni kwa onse apakhomo, kenako n'kufika pa cholinga. Ndi kalembedwe kabwino m'chilankhulo chake. Vuto limabwera mwana akakanyamula konse kupita nako m'Chingerezi, n'kuthera mizere itatu pa za moyo, wachinayi n'kulengeza kuti "the main aim of writing this letter is to inform you", nkhani yeniyeni isanayambe. M'kalata yaitali mzere umodzi wa moni ulibe vuto. M'kakalata kotere malo mulibe. Pa mayeso a Cambridge otchedwa A2 Key, amene amalembedwa m'maiko ambiri, wophunzira amauzidwa kulemba uthenga wa mawu osachepera 25 ndipo umayenera kuyankha mfundo zitatu zimene wapatsidwa. Amene wathera mawu ake pa malonje n'kusiya mfundo imodzi wataya malikisi.

Nanga ulemu uli pati ngati malonje palibe? Uli m'chiganizo chachiwiri: "We would be very happy if you could join us." Ife tili ndi iwe ndi inu, tili ndi a- amene timaika kutsogolo kwa dzina ndi mneni, moti mwana sangalankhule ndi azakhali ake mawu awiri ulemu usanaonekere. Chingerezi cha lero chili ndi "you" yekha, wa mfumu ndi wa khanda yemwe. Kale chinali ndi "thou" wonenera munthu mmodzi amene mumazolowerana naye, koma m'zaka za m'ma 1600 liwuli linayamba kuzimirira pa malankhulidwe wamba, n'kutsala "you" amene poyamba anali wa anthu ambiri ndi wa ulemu. Popeza mlowam'malo sasiyanitsanso wamkulu ndi wamng'ono, ntchito imeneyi inagwera timawu tina, makamaka "would" ndi "could". Mwana akalemba "Come to our house" walamula. Akalemba "I want you to come" waika zofuna zake patsogolo. Koma "would" ndi "if you could" zikunena kuti chimwemwe chathu chikudalira inu, ndipo tikudziwa kuti mwina simungathe. Chiganizochi chatha ndi mpumiro, osati mfunsiro, komabe ndi pempho, ndipo chasiyira woitanidwa mpata wokana popanda kuchita manyazi. Onaninso kuti "I" wa m'chiganizo choyamba wasanduka "We". Akuitana salinso mtsikana yekha, ndi banja lonse.

Chiganizo chachitatu ndicho chachilendo kwambiri m'makutu mwathu. Mwana akuikira azakhali ake malire a tsiku loyankhira! Kumudzi mlendo akatulukira nthawi ya nsima amangowonjezera ufa mumphika, palibe amene amawerenga mitu. Koma m'tauni, kumene nkhuku n'zogula, makala n'ogula, mipando n'yobwereka, mayi ayenera kudziwa chiwerengero asanapite kumsika. Wolemba wafewetsa pempholi m'njira ziwiri. Wayamba ndi "Please", kenako wapereka chifukwa: "so that we know how many to cook for". Ndi chifukwa chimenechi, amene akufulumizitsa azakhali si mwanayo koma ntchito ya kukhitchini, ndipo palibe mayi amene angakhumudwe nazo. Kaliwu kakuti "by" kakutanthauza kuti Lachitatu ndilo tsiku lomaliza, yankho likhoza kubwera Lolemba kapena lero lomwe. Akanalemba "on Wednesday", akanakhala ngati akuti azakhali adikire mpaka tsikulo.

Ntchito ya chiganizo chimenechi ndi yomwe ija ya zilembo RSVP zimene timaziona pansi pa makhadi a ukwati. Zimachokera ku Chifalansa ndipo zimapempha woitanidwa kuti ayankhe. Pa makhadi athu pamatsatira mayina ndi manambala a foni a anthu a m'komiti, koma ambiri timaimba manambalawo pofunsa njira ya ku holo basi. Kunena kuti tibwera kapena sitibwera timakuona ngati kosafunika, kenako timadabwa chakudya chikaperewera.

Kakalata kovomera

My dear niece,
Thank you for inviting me to lunch on Saturday 14 December. I would love to come, and I will be there by 12.30. Congratulations on finishing your course. Shall I bring some mangoes?
Your aunt

Azakhali ayamba ndi kuthokoza, ndipo m'chiganizo chomwecho abwereza tsiku. Ana ena amaona kubwerezaku ngati kutaya mawu, poti mtsikanayo akulidziwa kale tsiku lake. Koma kubwereza ndi umboni woti uthenga wamveka bwino. Azakhali akanawerenga molakwika n'kulemba Lamlungu, cholakwacho chikanagwidwa nthawi ikadalipo, osati iwo atafika pakhomo tsiku lotsatira n'kupeza mbale zotsuka kale.

Mtima wa kakalataka uli m'chiganizo chachiwiri, ndipo chili ndi mbali ziwiri zimene ziyenera kuyendera limodzi. "I would love to come" ikunena za mtima. "I will be there" ikunena za miyendo. Ana ambiri amalemba mbali yoyamba yokha n'kuganiza kuti avomera. Koma munthu wozolowera Chingerezi akawerenga "I would love to come" amayamba wadikira liwu lotsatira, chifukwa makalata ambiri okana amayambanso ndi mawu omwewa, kenako n'kubwera "but". Choncho tsogolo la mpando wa azakhali lagona pa mlumikizi mmodzi. Iwo alemba "and", ndipo "would" wofewa uja wasanduka "will" wotsimikiza. Mtsikanayo akafika pamenepa sakufunikanso kulota, akhoza kukauza mayi ake kuti mbale imodzi yatsimikizika. Nawonso azakhali agwiritsa ntchito "by" pa nthawi: afika isanapitirire 12.30. Limeneli ndi lonjezo, ndipo munthu asalilembe ngati akudziwa kuti 12.30 idzamupeza akusita.

Mawu oyamikira, "Congratulations on finishing your course", abwera pachitatu, yankho litaperekedwa kale. Ena angaone ngati azakhali aumira mtima, poti nkhani yaikulu ndi ya mwana kumaliza sukulu. Koma uthenga wabwino sufuna kuchedwetsa. Chimene mtsikanayo watsegulira kalatayi ndi kudziwa ngati azakhali abwera, ndipo akangomva zimenezo mawu oyamikira amawalandira mtima uli m'malo. Pa galamala, mperekezi wozolowereka pambuyo pa "Congratulations" ndi "on", ngakhale m'makope ambiri timapezamo "for".

Chiganizo chomaliza ndicho chimene chapatsa kakalataka fungo la kwathu. December ndi nyengo ya mango, ndipo azakhali sangalowe pakhomo pa m'bale wawo chimanjamanja. Koma sanalengeze kuti abweretsa mango. Afunsa, "Shall I bring", mawu amene Chingerezi chimagwiritsa ntchito munthu akamadzipereka kuchita kanthu n'kusiyira mnzake chigamulo. Mwina pakhomopo pali kale mtengo wa mango ndipo chikusoweka ndi tomato. Funsoli lapatsa mayi mpata wonena. Pali chinanso chimene azakhali sanachite: sanawonjezere anthu. Kalata inabwera kwa iwo okha. Akanafuna kutenga mdzukulu, anayenera kupempha ndi "May I bring", pakuti chiwerengero chimene mayi akufuna ndi cha pakamwa podya, osati cha makalata amene anatumizidwa.

Kakalata kokana

Dear niece,
Thank you very much for your invitation, and well done on finishing your course. I am sorry, but I will not be able to come on the 14th, as I am on duty at work all that weekend. I hope you all have a lovely day. May I visit you after Christmas instead?
Your uncle

Pa timakalata titatuti, kovuta kulemba ndi aka, ndipo luso la munthu limaonekera pomwepa. Kuitana ndi kuvomera n'kosavuta chifukwa onse awiri akusangalala. Wokana akupereka chinthu chimene mnzake sakuchifuna, ndipo ayenera kuchipereka mosabisa koma osathyola chibale. Kwa Achewa, amene mtundu umatsata kuchikazi, malume si mlendo wamba pa za mwana wa mlongo wake. Ndiye mwini mbumba. Mpando wake ukakhala wopanda munthu, aliyense amauona.

Choyamba kuona ndi dongosolo la ziganizo. Azakhali anayankha kaye, kenako n'kuyamikira. Amalume atembenuza: ayamba ndi kuthokoza ndi kuyamikira m'chiganizo chimodzi, kukana n'kubwera pachiwiri. Awonjezeranso "very much" amene azakhali sanamufune. Chifukwa chake n'chakuti amene akubwera adzayamikira pamaso, adzagwira mwanayo chanza, pamene amene sakubwera mwayi wake ndi pepala lomweli. Komabe amalume sanachedwetse nkhani mopitirira chiganizo chimodzi. Mawu okoma akachuluka kutsogolo kwa kukana, wowerenga amayamba kuyembekezera zabwino, ndipo kugwa kwake kumapweteka kwambiri.

"I am sorry, but" ndi chenjezo. Mtsikanayo asanawerenge zotsatira wadziwa kale kumene nkhani ikupita. Kenako pakubwera mawu amene akuyenera kuwerengedwa mofatsa: "I will not be able to come". Chotsanimo "be able to", mutsala ndi "I will not come", mawu amene m'Chingerezi amamveka ngati munthu watsimikiza mtima kuti sakufuna, mwina pali chakukhosi. Timawu titatu timeneto tachotsa kukanako pa mtima wa amalume n'kukuika pa zinthu zimene iwo sangazisinthe. Makolo athu anaidziwa kale nzeru imeneyi pamene anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Wamkulu akafuna nsalu yako sumuuza kuti sindifuna, umalola kuti kunyowa kwa nsaluyo kukukanire. Pano wamkulu ndiye akukanira mwana, koma njira ndi yomweyo, ndipo chiganizo chimenechi chingathandizenso kalaliki amene akukana kuitana kwa bwana wake. Mawu akuti "on the 14th" nawo achepetsa kukanako. Amalume akukana tsiku, sakukana munthu.

Mwambi uja uli ndi mbali ina yofuna kusamala nayo. Munthu akhoza kuumva ngati chilolezo chonama, kapena chozemba osapereka yankho. Amalume sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Apereka chifukwa chimodzi, chachifupi, chimene mwana wophunzira unamwino angachimvetse msanga: ali pa ntchito. Chifukwa chimodzi chimakhulupirika. Zikafika zitatu, kuti galimoto yafa, mwana akudwala, komanso kuli msonkhano wa kutchalitchi, wowerenga amayamba kukayika ngati pali choona n'chimodzi chomwe. Mawu akuti "all that weekend" atsekeratu funso limene mayi akanafunsa, loti nanga tikasunthira Lamlungu. Banja lisavutike kusintha tsiku chifukwa cha iwo.

Yerekezani ndi yankho limene timalikonda kwambiri, limene m'makope limatuluka ngati "I will try my best to come". Pakamwa timati ndiyesetsa, kapena tiona, ndipo nthawi zambiri olankhula ndi omvera onse amadziwa kuti munthuyo sabwera. Nkhope, kamvekedwe ka mawu ndi kuseka pang'ono zimamaliza uthengawo. Pa pepala zonsezi palibe. Mayi akawerenga "I will try" ayenera kusunga mbale, kugula nyama ya munthu ameneyo, ndi kumayang'ana kugeti. Wolembayo amadziona ngati wachita ulemu popewa liwu lakuti ayi, koma wangosamutsa vuto lake n'kulisenzetsa wophika. Amene akufuna kuwonjezera kuti Mulungu akalola sakulakwa, bola mawuwo atsatire yankho lomveka, asalowe m'malo mwa yankho.

Fanizo la phwando lalikulu la pa Luka 14, ndime 16 mpaka 24, limathandiza pamenepa ngakhale cholinga chake ndi china. Anthu atatu anapereka zifukwa: wina anali atagula munda, wina magoli asanu a ng'ombe, wina anali atangokwatira. Zifukwazo pazokha si zachilendo, tonse tinazimvapo. Koma taonani nthawi imene anazipereka. Anali ataitanidwa kale, ndipo anadikira mpaka wantchito atabwera kudzanena kuti zonse zakonzeka. Mwini phwando anakwiya chakudya chili chopsa kale. Kakalata ka amalume kangakhale kokoma chotani, kakafika Loweruka m'mawa kasanduka chipongwe. Mtengo wake uli pa kufika Lachitatu lisanadutse.

Ziganizo ziwiri zomaliza zikukonza zimene kukana kukanawononga. "I hope you all have a lovely day" ikumasula banja kuti lisangalale popanda kudziimba mlandu. Liwu lakuti "all" likusonyeza kuti amalume akuganizira mlongo wawo ndi ena onse, osati wolemba kalata yekha. Kenako munthu wamkulu akupempha chilolezo kwa mwana: "May I visit you". Pa mwambo sakufunika kutero, pakhomo pa mlongo wake angafike nthawi iliyonse. Koma popeza ndiye wakana, wadzichepetsa, ndipo tsopano ndi iye amene akudikira yankho. Liwu lomaliza, "instead", likusonyeza kuti ulendowo ukulowa m'malo mwa umene walephereka, ngongole ya chibale yavomerezedwa ndipo idzabwezedwa.

Pamene timakalatati tikuperewera

Sitinganene kuti zonse zili bwino. Kakalata koitana kangoti "our house in Area 25". Kwa azakhali amene amaidziwa nyumbayo n'zokwanira, koma Area 25 ndi dera lalikulu, ndipo mnzake wa kusukulu amene sanafikeko angafune chizindikiro cha poyandikira kapena nambala ya foni. Wolemba ayenera kudzifunsa zimene wowerenga wake akudziwa kale. Kakalata ka azakhali katha ndi funso, kutanthauza kuti mtsikanayo ayenera kulembanso, ntchito yaing'ono koma yowonjezera pa sabata yotanganidwa. Ndipo lonjezo la amalume lakuti "after Christmas" lilibe tsiku. Likangosiyidwa choncho likhoza kusanduka ndiyesetsa wina, wovala jekete. Likanalimba akanatchula Loweruka lenileni.

Tidziwenso malire a kalembedwe kameneka. Pali nkhani zimene kakalata sikangazinyamule, kakhale ka Chingerezi kapena ka Chichewa. Malume saitanidwa ku chinkhoswe cha mwana wa mlongo wake ndi mizere itatu, amachita kumupitira kunyumba, ndipo nthawi zambiri iye ndiye amakhala pakati pa zokambiranazo. Ku maliro saitana, uthenga umangoperekedwa. Kumbali ina kuli makhadi a maukwati ndi a zochitika za boma, amene salankhula ndi "I" kapena "we" koma amatchula oitana ndi mayina awo ngati akunena za anthu ena, ndipo mwambo wake wakale unali woti yankho lilembedwenso motero. Timakalata tathuti tili pakati: chakudya cha pabanja, tsiku lobadwa, kutsanzikana ndi mnzathu wa ku ofesi, kuitana mphunzitsi ku mwambo wa kalabu. Masiku ano zambiri mwa izi zimayenda pa WhatsApp, koma foni sinasinthe mafunso amene wophika ali nawo. Kachithunzi ka chala choimika kamangosonyeza kuti uthenga wawerengedwa, sikanena ngati munthu abwera.

Tikaika timakalata titatuti pamodzi, chimene chikuoneka n'chakuti chiganizo chilichonse chalembedwa poganizira munthu amene achiwerenge ndi zimene achite akamaliza kuwerenga. Woitana wapereka zonse zofunika kuti mnzake asankhe, ndipo wamusiyira mpata wokana. Wovomera watsimikiza ndi kubwereza tsiku. Wokana wathokoza, wanena ayi womveka, wapereka chifukwa chimodzi, n'kutsegula khomo lina. Palibe chachilendo kwa Mmalawi pa zimenezi. Kulemekeza wamkulu, kusafika chimanjamanja, kukana mosapweteka, zonse tinakula nazo. Chimene mwana akuphunzira ndi malo amene Chingerezi chimaika ulemu umenewu, ndi kulimba mtima kolemba ayi pamene pakamwa pakanatuluka tiona.

Chingerezi ndi phunziro limene wophunzira ayenera kukhoza kuti alandire satifiketi ya MSCE, choncho aphunzitsi sangasiye kuchonga "on" ndi "at". Koma musanafike pa aperekezi, patsani kalata ya mwanayo kwa mnzake wa pa desiki ndipo mumufunse mafunso awiri: munthuyu abwera kapena sabwera, nanga ndi tsiku liti? Mnzakeyo akayamba kukanda m'mutu, kalatayo ibwerere kwa mwini wake akailembenso, ngakhale ilibe cholakwa n'chimodzi chomwe cha galamala.